Aphunzitsi Kaphwiti, Amene Anatiyikira Masamba pa Msewu

Chaka chatha ngati mwezi uno ndi pamene Mulungu anawatenga Aphunzitsi Kaphwiti. Ana anga andiuza kuti amayi, m'malo momangolira mukawatchula, lembani. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale kwathu ku Ntcheu, ntchito yanga ndi yosoka, choncho amene muwerenge izi mundikhululukire pamene ndakhotetsa. Eni akewo akanakhalapo akanandikonzera ndi cholembera chofiira, kenako n'kupempha tiyi wopanda shuga. Koma sindingakhale chete, pakuti ndi iwowa amene anachititsa kuti bambo a ana anga ayikidwe ngati munthu, pa nthawi imene abale athu enieni anatifulatira.

Dzina lawo linali Silivesito, anali a ku Dedza, koma Amalawi tonse a muno mu Nairobi tinkangoti Aphunzitsi. Anali aatali, owonda, oyenda motsimphina. Ankachita lendi kachipinda ka kuseri ku Buruburu, mzere umodzi ndi ife, ndipo ankaphunzitsa Chilatini pa seminale ina cha ku Lang'ata. M'mawa uliwonse ankakwera minibasi, imene kuno amati matatu, atavala jekete ndi tayi, ngakhale kuwale dzuwa lotani. Makondakitala ankawatcha Mwalimu, ndiye kuti mphunzitsi m'Chiswahili, ndipo ankawatsitsira phokoso la wayilesi, chinthu chimene sachitira ngakhale wansembe.

Chimene chinawabweretsa pakhonde panga koyamba ndi jekete. Anali atagula ya kaunjika, imene kuno amati mitumba, yaikulu moti akanalowamo ndi mnzawo. Ndikuwayesa mapewa, anandifunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso dzina lina koma aNanyoni.

"ANanyoni," anatero, "mukudziwa kuti ntchito yanuyi ndi imene ndaiphunzira moyo wanga wonse?"

"Mumasoka, Aphunzitsi?"

"Ayi. Ndimaphunzira za anthu amene anagula kaunjika, n'kusowa telala."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala chabe. Sindinadziwe kuti ndatsegula mpopi umene sudzatsekekanso. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ankabwera kudzakhala pa benchi langa, ine ndikupalasa makina, iwo akundifotokozera za mayiko a kutali, Venezuela, Chile, Mexico, Colombia. Chisipanishi anaphunzira okha, mothandizidwa ndi wansembe wina wa kumeneko, ndipo ankati akulemba buku. Bukulo sindinalione litatha.

Ndiyesa kufotokoza monga ndinamvera. Mayiko amenewo kale ankalamulidwa ndi mfumu ya ku Spain, monga ife tinalili ndi Angelezi. Mfumuyo inalola ansembe kumanga masukulu, ndipo m'masukulumo ana a anthu opeza bwino ankaloweza mabuku a Agiriki ndi Aroma akale. Inkaganiza kuti ikuwaphunzitsa kumvera. Koma m'mabuku omwewo anawo anawerenga kuti Aroma tsiku lina anatopa ndi mafumu, nawathamangitsa, nayamba kudzilamula okha kudzera m'bwalo la akuluakulu. Anawerenganso za mizinda ing'onoing'ono ya Agiriki imene inakana kugwadira mfumu yamphamvu ya kutsidya kwa nyanja. Atakula anatenga mawu omwewo n'kulasira mfumu yawo. Polemba malamulo a mayiko atsopano ankafunsa kuti Aroma akanatani. Poyimba ndakatulo za nkhondo zawo za m'mapiri ankatsanzira mayimbidwe a Agiriki. Ena ankalangiza asilikali kuti nkhondo ikatha apachike lupanga agwire khasu, monga ankachitira akuluakulu a ku Roma, ndipo ankatamanda chimanga, chinangwa ndi nthochi za kwawo m'mizere yosokedwa Chilatini. Apa Aphunzitsi ankakondwa kwambiri. Ankati, "Tangoganizani, aNanyoni, chinangwa chenichenichi, chitavala mkanjo wa Chiroma!"

Koma chimwemwe chawo sichinkakhalitsa. Ankati nzeru za Agiriki ndi Aroma zija zinali ngati jekete ya kaunjika, yabwino, nsalu yolimba, koma inasokedwera thupi lina. Agiriki ndi Aroma aja ankalankhula za ufulu ali ndi akapolo kukhitchini, ndipo ophunzira awo a ku America anatengera zonse ziwiri, mawu okoma ndi akapolo omwe. Eni nthaka ndi anthu akuda anamenya nawo nkhondo, koma pogawa ufulu ambiri anatsala panja. Ankanena izi akuyang'ana pansi, ngati akukamba za abale awo amene anawachititsa manyazi, koma sangawakane.

Tinkakangana ndithu. Ine ndinkati, "Aphunzitsi, Aroma anuwa si omwe aja anapachika Ambuye?"

"Omwewo."

"Ndiye inu mumawakonderanji?"

"Nanga inu Misa ya ubwana wanu munkayimba m'chilankhulo cha yani?"

Ndinkakwiya n'kuwaseweretsa singano poyesa jekete. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala benchi lomalizira, ndipo nthawi yolandira Ukalistia sankadzuka. Ndinawafunsa kangapo, iwo amvekere, "Pali nkhani imene ine ndi Mwini wake sitinamalize." Ndinawapempherera korona zaka zonsezo. Kaya anamaliza nkhaniyo, adziwa ndi Iye.

Anali ndi zovuta zawo, ndisaname. Ukalakwitsa liwu ankakukonza pagulu, ngakhale uli mkulu wa mpingo. Pa misonkhano ya bungwe lathu la Amalawi, limene tinkathandizana pa maliro ndi maukwati, ankatha kuyimirira pa nkhani ya mtengo wa matenti n'kukafika ku Atene kwa Agiriki. Achinyamata a ku yunivesite ankagwirana zigongono. Koma wina akadwala, woyamba kufika kuchipatala ndi nthochi m'pepala anali iwo.

Chimene chinawachotsa kumudzi ndi Aroma omwewo. Kale, nthawi ya chipani chimodzi, ankaphunzitsa pa koleji ina kwathu. Tsiku lina anafotokozera ophunzira za mkulu wa nkhondo wa ku South America amene anamasula mayiko angapo, kenako nalemba ndi dzanja lake malamulo akuti pulezidenti akhale wamuyaya. Anafunsa kalasi kuti, munthu amene anakulira pa nkhani ya Aroma othamangitsa mafumu, zinatheka bwanji kuti abwezeretse mfumu atangoisintha dzina? Iwo ankanena za munthu amene anafa kalekale kutsidya kwa nyanja. Koma masiku amenewo liwu lakuti wamuyaya linali ndi mwini wake. Sabata isanathe, galimoto inaima pakhomo pawo. Anakhala m'ndende zaka zingapo osazengedwa mlandu, ndipo mwendo uja unawonongekera komweko. Atatuluka anapeza akazi awo atatengedwa ndi abale awo n'kukwatiwa kwina. Anawoloka malire, nazungulira mpaka kufika kuno.

Zinthu zitasintha kwathu, anthu atavota, ambiri anabwerera. Iwonso anapita, tinawaperekeza ndi nyimbo. Mvula isanagwe tinangoona abwera, jekete yomweyo. Sananene zambiri. Anangoti manda a mayi awo anawapeza, koma amene akanawauza mawu omaliza a mayiwo nawonso anali atagona pafupi pomwepo.

Anadwala chibayo chaka chatha, osati nthawi yaitali. Ndinkawapititsira phala kuchipatala, ndipo tsiku lomaliza anandidzudzula kuti ndathira shuga. Ana a mlongo wawo anabwera kudzatenga thupi kupita nalo ku Dedza. Ine mapepala anga oyendera anali atatha, sindinathe kupita. Ndinaima pabwalo la ndege ndi chitenje kukamwa. Munthu amene anandiyikira maliro anga, ine sindinaponye ngakhale kadothi pa bokosi lake. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Tsopano ndinene za amuna anga, a Edisoni. Kuno ankayendetsa galimoto ya bungwe lina la mpingo, ndipo kwa ine ndi ana anali munthu wofatsa, wosamwa, wosamenya. Koma ali mnyamata, tisanakwatirane, ankayendetsa galimoto ya anthu aja amene ankanyamula anzawo kukawatsekera. Iwo ankati ankangogwira chiwongolero, kumene awauza n'kumene ankapita. Amalawi a kuno ankadziwa, ndipo kumbali ankawatcha a Landirova. Galimoto imene inaima pakhomo pa Aphunzitsi tsiku lija, woyendetsa anali amuna angawo.

Aphunzitsi akamafika pakhonde, amuna anga ankatulukira khomo la kuseri. Akakumana pa msewu ankapatsana moni wouma. Tsiku lina mvula ikugwa, a Edisoni anapeza Aphunzitsi akudikira matatu, naima kuti awatenge. Aphunzitsi anasuzumira pawindo nati, "Zikomo, bambo. Galimoto yanu ndinakwerapo kale." Amuna anga atafika kunyumba anakagona osadya. Sindingakunamizeni kuti anthu awiriwa anakhululukirana ali moyo. Sindinazione.

A Edisoni anamwalira patangopita chaka anthu atavota, atadwala miyezi. Mtembo unali ku mochale, ine m'nyumba ndi ana anga awiri, Agnesi ndi mlongo wake. Zopita nawo ku Malawi sitikanatha, choncho tinayenera kuyika ku manda a ku Lang'ata. Ndinatumiza uthenga kwa a Lungu, apampando a bungwe lathu. Ndinayala mikeka pabalaza, ndinabwereka mipando kwa aneba n'kuindandalika panja, monga timachitira kwathu, amayi m'nyumba, abambo pabwalo. Ndinadikira kumva nyimbo ikuchokera ku geti. Tsiku linapita. Anabwera ndi Mama Wanjiru, neba wanga, ndi amayi ena a Chikenya a ku mphakati, kudzati pole, ndiko kupepesa kwa kuno. Mmalawi ngakhale mmodzi sanabwere. Abale anga, siwa yopanda nyimbo ya kwanu ndi chinthu chimene sindingafunire ngakhale mdani. Agnesi anandifunsa kuti, "Amayi, kodi adadi tikawanyamula tokha?" Mumtima ndinangoti, Ambuye, ngati analakwa, mlandu ndi wanu, koma musalole ana awa aone bambo awo akukankhidwa ndi anthu aganyu ngati thumba la makala.

M'mawa mwake ndinamva anthu akukangana pa msewu m'Chiswahili. Nditasuzumira ndinaona Aphunzitsi, tayi ili pakhosi, akukoka nthambi zaziwisi zimene anathyola pa mpanda wa eni nyumba awo, n'kumaziyala pa msewu uku ndi uku kwa geti lathu. Kwathu ndi mmene timadziwitsira kuti pano pali maliro, kuti wodutsa atsike panjinga, avule chipewa. Kuno masamba pa msewu amatanthauza kuti galimoto yafa kutsogolo. Ndiye madalaivala ankaima, kusuzumira, kufunsa kuti lole yowonongekayo ili kuti. Iwo ankangoyankha kuti, "Dereva ndiye wafa," n'kupitiriza kuyala. Atatha anasamba m'manja, nakhala pa mpando umodzi pakati pa mipando yopanda anthu ija, chipewa pabondo. Kenako anayamba nyimbo ya maliro ya kwathu, okha. Mawu awo anali oipa, Mulungu andikhululukire, ankayimba ngati chitseko. Koma ine m'nyumba ndinalira kulira kumene ndinali ndisanalire, ndipo ndinawayankha nyimboyo.

Dzuwa litafika pamutu anabwera a Lungu. Sanalowe, anaima pa geti. Zenera linali lotsegula, ndinamva zonse.

"Aphunzitsi, tadzukani apa. Mukutichititsa manyazi."

"Khalani pansi, a Lungu, mipando ilipo yambiri."

"Kodi mwaiwala? Amene anakunyamulani ndi ameneyu!"

"Ndingaiwale bwanji? Ndinakhala kumbuyo kwake ulendo wonse. Nkhongo yake ndimaidziwa kuposa mkazi wake."

"Nanga mukufunanji pano?"

Apa ndinati, Ambuye, musalole ayambe za Agiriki. Anayamba. Anati Agiriki aja, ngakhale anali ankhanza, nkhondo ikatha ankaimika mikondo kuti adani atole akufa awo, pakuti kumana munthu manda kunali kulakwira milungu. Anati anthu a ku America aja anawerenga zimenezi ali ana, anazilemba mokoma m'mabuku, koma nkhondo itafika mbali zonse ziwiri zinasiya mitembo padzuwa, mitu ina n'kuipachika m'misewu. Mwazi utachuluka ndi pamene akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti akufa aziyikidwa, kaya ndi a mbali iti. Koma chizolowezi chinali chitalowa kale, ndipo mfumu itachoka anayamba kuchitirana okhaokha.

"Ife tavota dzulodzuloli, a Lungu. Ufulu wathu tiuyambe ndi mtembo wosiyidwa mufiriji?"

"Musandiuze za azungu anu akufa!" anakuwa a Lungu. "Mkulu wanga anatengedwa pa galimoto ngati yomweyo. Anamuyika ndani? Manda ake ali kuti? Tandiuzani, inu odziwa Chilatini!"

Aphunzitsi, amene sankasowa choyankha, anayamba atembenuza kaye chipewa chawo pabondo.

"Sindikudziwa, achimwene," anatero motsitsa. "Ndikanadziwa ndikanapita nanu, tikanalambula limodzi. Mwana ali m'nyumbamu asadzafunse funso lanulo. Ndi chokhacho."

"Mukanyamula bokosi limenelo, ine ndi inu tathana."

"Ndamva."

A Lungu anapita. Sindiwaweruza, bala lawo linali lenileni, ndipo ndimawatchula m'mapemphero mpaka lero. Anali mnzawo wapamtima wa Aphunzitsi, ankasewera bawo limodzi Lamulungu lililonse ku Madaraka. Kuchokera tsiku limenelo bawolo linatha. Pa msonkhano wotsatira Aphunzitsi anachotsedwa pa udindo wa mlangizi, ndipo anthu ena anasiya kuwapatsa moni.

Koma nkhani ya masamba ija inayenda. Madzulo kusanade anafika akazi a a Lungu, okha, atafunda chitenje kumutu, nakhala pambali panga. Kenako ophunzira angapo, ena Achisilamu a ku Mangochi, ena a mpingo wa Chipresibateriya, ana obadwa zinthu zija zitachitika kale. Sanali ambiri, mipando ina inakhalabe yopanda anthu, koma nyimbo inamveka mpaka pa kabenchi kogulitsira ndiwo zamasamba kumsewu.

Tsiku loyika, Aphunzitsi anati iwo ndi mdzukulu. Kwathu adzukulu ndi amene amasambitsa mtembo, kunyamula ndi kukwirira, ndipo si ntchito ya munthu wa imvi ndi tayi. Ndinawaletsa, anandikalipira. Anapita ku mochale ndi anyamata aja, anawaveka amuna anga suti imene ndinasoka ndekha. Ku manda anagwira bokosi kutsogolo, kumutu, ndipo chifukwa cha mwendo uja bokosi linkapendama pa phazi lililonse, anyamata n'kumachepetsa liwiro kuti agwirizane nawo. Wansembe atawapempha kuti alankhule, ndinakonzeka kuima mpaka dzuwa kulowa. Anangoti, "Uyu ndi Edisoni, wa ku Ntcheu, bambo wa ana awiri. Ine ndinamudziwa pa tsiku loipa. Akazi ake anamudziwa masiku ena onse. Tamuyika." Anatenga fosholo. Atatuluka thukuta anavula jekete n'kundipatsa kuti ndigwire, koyamba ndi komaliza kuwaona ndi malaya okha.

Sanakambenso za tsikulo, ndipo ndikayamba kuthokoza ankandidula, n'kufunsa ngati ndamaliza kupinda thalauza lawo.

Mwezi wa Novembala, umene timakumbukira akufa, ndimapita ku Lang'ata kukalambula. Zaka zonsezi sindinkapita ndekha. Aphunzitsi ankabwera ndi kachitini ka penti yoyera ndi kaburashi m'thumba la jekete. Ine ndikuzula udzu, iwo ankagwada movutikira patsogolo pa mtanda, mwendo wodwala atautambasula, n'kumabwereza zilembo za dzina la amuna anga chimodzichimodzi, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Sankapemphera nane. Ndikayamba korona ankapita kukakhala pa muzu wa mtengo uli chapafupi, kuyang'ana tindege ta pa bwalo la Wilson tikudutsa m'munsi, mpaka nditati amen.

Sabata yatha ndinapitako. Mvula yagwa bwino, udzu wafika m'mawondo, ndipo pa muzu paja pamera chisoso, palibe wakhalapo. Manda atsopano afika mpaka kumpanda, ena alibe ngakhale mtanda. Dzina la a Edisoni layamba kufufutika, mvula yadya zilembo za pakati. Ndinali nditagula penti ndi burashi pa duka la ku Buruburu. Ndinagwada pamalo pawo paja, ndinaviika burashi, koma dzanja langa linazolowera singano yokha, ndipo penti inayenderera pa mtanda. Ndinapukuta ndi chitenje, ndinayambanso. Zilembo zanga zatuluka zokhota, china chachikulu china chaching'ono, ndipo panalibe wondidzudzula. Koma dzinalo likuwerengeka.